Lifiti za pa Cairngorm: bwanji osangoikapo mipando ngati ku Austria?

Nachisale_Inverness

Moni nonse m'gulu muno. Pepani funso langa ndi lachilendo pang'ono, si la mavisa kapena la komwe kukupezeka ufa woyera kkkk. Ndakhala kuno ku Inverness ku Scotland zaka zinayi tsopano, nde chaka chino mwana wanga wamkulu wandiumiriza kuti tiyambe ski poti anzake a kusukulu onse amapita, basi ine mayi wa ku Dedza amene ndinkadzitama kuti kuzizira ndimakudziwa ndapezeka pa Cairngorm nditavala zinsapato zolemera ngati ndamanga njerwa kumapazi. Tapitako kanayi ndipo zayamba kundikomera, osanama.

Koma chikundizunguza mutu ndi mmene lifiti zinayalidwira paphiripo. Ndakhala ndikuyang'ana mapu awo aja. Njira yokwera utakhala phee ndi imodzi yokha, kasitima kokokedwa ndi chingwe kaja amati funicular, kochokera poimika magalimoto ku Coire Cas mpaka ku Ptarmigan kumtunda. Zina zonsezo ndi zokukoka uli chiimire, kaya Poma ija ya kambale koika pakati pa miyendo, kaya T-bar yokoka awiriawiri. Ine Poma yandigwetsa kasanu abale, tsiku loyamba ndinkakhalira kambaleko ngati mpando osadziwa kuti umangoima n'kulola kakukoke, tiana ta zaka zisanu tikundidutsa mbali tikundiyang'ana mwachisoni. Chinanso chodabwitsa, malo abwino a ife ophunzira ali pamwamba penipeni pafupi ndi Ptarmigan, pomwe ine ndimaganiza kuti ophunzira amayambira pansi.

Pomwe ukaonera mavidiyo a ku Austria anthu akukwera mipando ya anthu 6 mwina 8, ya chivindikiro, ina mpaka yotenthetsa kumatako. Agogo ena a konkuno amene ndimagwira nawo ntchito akuti kale pa Cairngorm mipando inalipo, ina ku White Lady ina ku Coire na Ciste. Nde inapita kuti? Ndipo ndalama zitapezeka lero, inu odziwa mungati lifiti yatsopano ikhale yamtundu wanji, iikidwe pati? Ndikufunsa chifukwa mwanayu akundipanikiza ndi mafunso ine mayankho ndilibe.

Mkulu_wa_Magiya

Mayi Nachisale, mwandikanda poyabwa. Ine ntchito yanga ndi ya makina kuno ku Glasgow, osati a ski ayi, koma chingwe ndi gudumu ndi zomwezo kulikonse, ndipo mapiri amenewo ndawayenda zaka zambiri ndithu. Za Poma musadandaule, tonse inatigonekapo pansi. Dzinalo ndi la kampani ya ku France imene anayambitsa Jean Pomagalski, ikupangabe malifiti mpaka lero.

Yankho lalifupi ndi mphepo. Cairn Gorm si phiri lalitali, mamita 1,245 basi, Sapitwa wathu wa 3,002 akhoza kuliseka. Koma pamwamba pakepo mu Marichi 1986 anayeza chimphepo cha mamailosi 173 pa ola, ndipo kumtundako mwaona nokha kulibe mtengo olo umodzi wotchinga. Mpando wolendewera pa chingwe mphepo ikaomba cham'mbali umayamba kuvina, nde ukamadutsa pa polo ukhoza kugunda kapena kukoka chingwe n'kuchichotsa pa timawilo take. Oyendetsa akaona choncho amachepetsa liwiro, ikapitirira amatseka. Ndipo mipando ikafa anthu ali m'mwamba ndi ntchito yaikulu, ayenera kubwera kudzakutsitsani mmodzimmodzi ndi zingwe muli gwagwagwa. Pomwe pa Poma mapazi anu ali pansi, zikavuta mumangosiya ndodo n'kutsetsereka kubwerera. N'chifukwa chake malo onse asanu a ski ku Scotland, Cairngorm, Glenshee, Glencoe, Nevis Range ndi Lecht, zokoka ndi zimene zachuluka. Si umphawi wokha ayi, ndi nzeru ya nyengo. Onjezerani ayezi amene amamatirira pa zitsulo usiku chifunga chikaundana, m'mawa anyamata amayamba kaye kugogoda mapolo kuti agwe asanatsegule.

Kasitimako kanabwera mu Disembala 2001 kudzalowa m'malo mwa mipando ya White Lady imene inalipo kuyambira 1961, ndipo chifukwa chachikulu chinali chomwechi, kamayenda pa njanji nde kamapirira mphepo imene mipando singapirire.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene anthu ambiri amasokoneza akamati tiikireni mipando yothamanga. Mipando ilipo mitundu iwiri. Wina chopanira chake chinamangidwiratu ku chingwe, chingwe chikamayenda nawo ukuyenda, nde sungathamange kwambiri poti anthu ayenera kukwera uli mkuyenda, liwiro lake ndi cha m'ma mamita 2.5 pa sekondi kapena kucheperapo. Winawo ukafika pa siteshoni chopanira chimatseguka, mpando umachoka pa chingwe n'kumayenda pang'onopang'ono pa timatayala kuti mukhale bwinobwino, kenako umathamangitsidwa n'kugwiranso chingwe chimene chikuyenda mamita 5 pa sekondi mwina kuposa. Nde tiyerekeze lifiti ya mamita 1,500. Yoyambayo mukhalapo mphindi 10, yachiwiriyo mphindi 5. Bho. Koma kuchuluka kwa anthu amene ikuwakweza pa ola sikudalira liwiro ayi, kumadalira kuti mpando ukunyamula angati ndipo mipando ikunyamuka motalikirana masekondi angati. Wa anthu 4 wonyamuka masekondi 6 aliwonse ndi anthu 2,400 pa ola, kaya ukukwawa kaya ukuuluka. Zili ngati pa siteji ya minibasi, ngati imodzi ikunyamuka mphindi 10 zilizonse, adalaivala athamange bwanji pa msewu, mzere wa pasitejipo sutha msanga.

Ndipo pali kena kobisika. Pa lifiti yochedwa ija nthawi iliyonse anthu 400 ali m'mwamba, pa yothamangayo 200 okha. Enawo 200 ali kuti? Ali potsetsereka akugundana nanu, apo ayi abwerera kale ali pa mzere. Nde lifiti si chinthu chongogula chachikulu n'kudzala, uyenera kuwerenga kaye kuti njira zotsikira zimene ikuthirako anthu zingalandire angati. Pa Cairngorm tsiku la sinowo wochepa njira zina zimangotsala kamzere kopyapyala pakati pa mipanda ija yogwira sinowo, muthirepo anthu 2,400 pa ola muone ngati simuyamba kunyamulana pa machira.

Kabaza_wa_Tirol

Madala mwafotokoza bwino ngati tili m'kalasi kkkk koma pa mphepo pokha ndikutsutsaniko pang'ono. Ine ndi sizoni yachitatu ino ndikugwira ntchito m'khitchini ya hotela kuno ku Tirol ndipo off iliyonse ndimakhala paphiri. Mipando imene mukuinenayo ndi ija yakalekale ya anthu awiri yopepuka ngati mpando wa pa ukwati. Ya masiku ano ya anthu 6 kapena 8 ndi zinthu zolemera heavy, mphepo wamba siigwedeza chisawawa, ndipo usiku amaichotsa yonse pa chingwe n'kuilowetsa m'galaja mwake nde nkhani ya ayezi ija imachepa. Zinthu zinasintha madala. Yothamanga ya anthu 4 yoyamba a kampani ya Doppelmayr anaimanga ku Breckenridge ku Colorado mu 1981, pofika 2018 ku Big Sky ku Montana anali ataika ya anthu 8, kuno ku Austria nde ndi zachizolowezi. Komanso masamu anu a 2,400 aja ndi a pa pepala, yochedwa ija imaimaima chifukwa ophunzira ngati achemwali athuwa amagwa pokwera ndi potsika, mpando ukubwera ndi liwiro lonse n'kukumenya kuseri kwa mawondo, pomwe yothamangayo pa siteshoni imakupeza mwaulemu.

Koma mfundo yanga yeniyeni ndi iyi, ndipo ndikudabwa kuti simunaitchule. Poma ndi T-bar zimafuna sinowo PANSI, kuyambira poyambira mpaka pothera. Pakangokhala kadazi ka mamita ochepa ka miyala ndi tchire pakati, lifiti yonse yatha ntchito olo kumtunda kutakhala sinowo wofika m'chiuno. Mpando ulibe nazo ntchito zimenezo, umadutsa pamwamba pa matope n'kukakutula pomwe pali sinowo, madzulo n'kukutsitsanso. Nde phiri ngati limenelo lomwe sinowo amakhalitsa kumtunda koma kumunsi amabwera n'kusungunuka sabata yomweyo, zokoka za kumunsizo masiku ena zimangokhala zokongoletsa.

Achemwali muuzeni mwanayo iyi aseke: mpando woyamba wa ski padziko lonse unachokera ku nthochi. Ku Sun Valley ku Idaho mu 1936, injiniya wa kampani ya njanji ya Union Pacific dzina lake James Curran anatengera makina a ngowe okwezera mikoko ya nthochi m'sitima zapamadzi, anangochotsa ngowe n'kuikapo mpando. Nde tonse okwera mipandofe ndife mikoko basi. Anthu a ku Thyolo mukanafulumira bwenzi patent ili yanu.

Pa nkhani yodzaza njira pokha madala mukunena zoona. Komwe ndimapita ine anachotsa kampando kakale n'kuika chachikulu, mzere unatha inde koma chitsetse chimene chinali chathu chabata pano Loweruka chimakhala ngati msika wa Limbe.

MjoniWeniweni

Aise inu muli pa mavuto a anthu olemera eti kkkkk. Ife kuno ku Joni tikafuna sinowo ndi ulendo wa ku Lesotho, ku Afriski m'mapiri a Maloti, kumtunda kuposa mamita 3,000, sinowo wake wambiri ndi wa makina ndipo chokukweza ndi T-bar, palibe olo mmodzi amadandaula, tonse timangosangalala kuti tajambulitsa. Tinapita Julayi wina ndi anyamata a ku church, ine T-bar anandiphatikiza ndi mzungu wamtali ngati polo ya magetsi, chitsulocho iye chili m'mawondo ine chili kumsana, tinafika pamwamba tikudana. Funso langa ndi lakuti bwanji osangoika ngati ya pa Table Mountain ija ku Cape Town, chibokosi chachikulu anthu onse mkati nkhani yatha?

NaJere_Perth

Achimwene a ku Joni, ya pa Table Mountain ijanso mphepo ikakula amatseka, funsani aliyense amene anapitako Disembala. Ndipo chibokosi chopita n'kubwera chimachita ngati kasitima komweka, gulu lonse limatsika nthawi imodzi kenako zii mpaka ulendo wina.

Achemwali a Nachisale, ine ndiyankha mbali ya ndalama poti azibambowa akonda zitsulo. Mipando ya ku Coire na Ciste agogo anuwo sakunama, inalipo iwiri yolumikizana, wina wochokera poimika magalimoto pa Ciste kulowa m'khwawamo, wina wa West Wall wopitiriza kumtunda. Inasiya kugwiritsidwa ntchito zaka zochepa kasitima katabwera, inakhala choncho ikuchita dzimbiri kwa zaka zoposa khumi, mu 2017 anaizula. Anthu a ku Aviemore ndi okonda ski analimbana nazo kwambiri, kunali mpaka gulu lotchedwa Save the Ciste, koma sizinaphule kanthu. Nde taonani chimene chinachitika: phiri limene linali ndi makomo awiri, Cas ndi Ciste, linatsala ndi khomo limodzi. Chaka chotsatira chomwe, 2018, kasitima kanaimitsidwa chifukwa anapeza mavuto pa mlatho wa konkire umene njanji imadutsapo. Kanakhala zaka zoposa zinayi osayenda, kanatsegulidwa Januwale 2023 atakonza ndi ndalama pafupifupi mapaundi 25 miliyoni, Ogasiti chaka chomwecho kanaimanso, n'kudzabwerera Febuluwale 2025. Kumbukirani kuti kukamanga koyambako kunadya pafupifupi 20 miliyoni. Eni phirilo ndi bungwe la boma la Highlands and Islands Enterprise, nde zimenezi ndi ndalama za misonkho, yanu ndi yanga yomwe. Anabwezako 11 miliyoni mu 2023 pa mlandu umene anasumira omanga ndi ena, koma dzenje linali litakumbika kale.

Zaka zimene kasitima kanali kataima zija ndi zimene zinaonetsa poyera mfundo ya achimwene a ku Tirol. Sinowo ali mbuu ku Ptarmigan, koma ngati kumunsi kuli kouma zokoka sizingayende, ndiye ofika kumtunda ndi okhawo oyenda wapansi atasenza ma ski. Ophunzira ngati inu nde munalibiretu mwayi poti malo anu osalala aja ali kumwamba. Anagula makina a Snowfactory opanga sinowo olo kunja kukutentha kuti pakhale kabwalo ka ophunzira kumunsi, zinathandizako, koma kabwalo si phiri.

Nde ine maganizo anga, kukweza lifiti koyenera pa Cairngorm si kusintha Poma kuti ikhale ya mipando yotenthetsa matako ayi. Ndi kukhala ndi njira YACHIWIRI yofikira pa sinowo wa kumtunda yosadalira kasitima komanso yosadalira sinowo wa kumunsi. Olo alangizi a ku America a SE Group amene analembedwa ntchito mu 2018 lipoti lawo linakamba za mipando yatsopano ndi makina a sinowo. Kukamba kunachitika, ndalama zinapita ku mlatho.

Pitani ku Glencoe mukaone chimene ndikunena. Malo akale kuposa onse kuno ku Scotland, chokoka choyamba anaika Philip Rankin ndi anzake mu 1956. Poimika magalimoto nthawi zambiri pamakhala pobiriwira, koma pali kampando ka anthu awiri kokutengani kudutsa pamwamba pa mathithi n'kukakutulani pa chidikha chakumtunda, kuchoka apo nde zokoka ndi timipando tina, kuphatikizapo Cliffhanger ya munthu mmodzi imene ine ndinakwera kamodzi ndikupemphera njira yonse. Palibe chapamwamba pamenepo, koma mayalidwe ake ndi anzeru. Ku Nevis Range chimodzimodzi, gondola yawo ya 1989, ya timabokosi tolendewera pa chingwe, imakukwezani mpaka mamita 650 pa Aonach Mòr, ndipo chilimwe imanyamula a njinga zotsika phiri ndi alendo ongofuna kuona, Fort William inatchuka ndi mpikisano wa World Cup wa njinga kuyambira 2002. Pamenepo nde pagona nkhani, lifiti yodikira masabata ochepa a sinowo siingabweze ndalama, iyenera kudya chaka chonse. Pomwe kasitima ka Cairngorm kali ndi lamulo lake lija loti nthawi yopanda ski okwera saloledwa kutuluka ku Ptarmigan n'kumayenda okha pamwamba pa phiri, pofuna kuteteza zomera ndi mbalame za pachidikhapo. Lifiti ina iliyonse yatsopano yofika kumtunda idzakumana ndi funso lomwelo, poti muli mu national park.

Ndipo musaganize za zatsopano zokhazokha. Malo ang'onoang'ono ambiri amagula malifiti a kaunjika ochokera ku Alps, ngati mmene ife timaitanitsira magalimoto ku Japan. Akuluakulu aja akamaika ya anthu 8 amagulitsa yakale ikadali ndi moyo.

Nachisale_Inverness

Eee zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti ndipeza sukulu yonse. Ya nthochi ija mwana waseka mpaka wakauza aphunzitsi ake. Amayi a ku Perth mwanditsegula maso, ine ndimangoona ngati nkhani ndi yoti tikhale pansi pokwera, kani nkhani ndi makomo. Koma a Magiya simunayankhe funso langa lachiwiri lija, mwangotiopseza ndi mphepo basi kkk. Atakupatsani ndalama inuyo lero, polo yoyamba mungakumbe pati?

Mkulu_wa_Magiya

Kkkk mwandigwira mayi. Mphwanga wa ku Tirol wanena zoona pa sinowo wa pansi, ndinaisiya dala kuti ndione ngati ana akumvetsera, musaseke. Ndipo za makomo awiri ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse, kuntchito kwathu makina ofunika sitisiya opanda china chogwirizira akafa.

Ine ndingakumbe ku Ciste. Zifukwa zanga ndi izi. Khwawa la Ciste ndi lakuya, mphepo ikamasesa sinowo pa misana ya phiri imakamutaya mmenemo, nde amakhalitsa mpaka masika. Malo oimika magalimoto alipo kale ndipo ali mmunsi mwa a ku Cas, tsiku loti msewu wakumtunda watsekeka ndi sinowo wouluzika anthu akhoza kuyambira pamenepo. Panopa munthu akatsika khwawalo ayenera kusamala kuti asapitirire poyambira West Wall Poma, akapitirira palibe chomubweza kumtunda. Lifiti imodzi pamenepo ikutsegula khomo komanso ikubwezeretsa chitsetse chachitali chimene chilipo kale, simukugumula phiri kupanga njira yatsopano.

Koma mtundu wake nde tisiyana ndi mphwangayu. Ine sindingaike ya anthu 8. Mpando wothamanga uja siteshoni zake ndi nyumba zazikulu zodzaza matayala, malamba ndi masensa, chopanira chilichonse chimatseguka n'kutsekeka kambirimbiri pa tsiku nde chimafuna kupimidwa ndi kusamalidwa pafupipafupi, mtengo wogula ndi wokonza ndi wokwera kutalitali kuposa wamba. Ku Tirol zimatheka chifukwa sizoni ndi ya miyezi inayi kapena isanu ndipo mahotela ndi odzaza ndi alendo ochokera ku Germany ndi ku Holland. Kuno chaka china sinowo amabwera mwa nkhani, chaka china mumangoyang'ana kumwamba. Ndingaike wamba wa anthu 4, wokhala ndi kalamba koyenda kaja pokwerera kuti ophunzira asamamenyedwe m'mawondo, mapolo aafupi otsata m'munsi mwa khwawa momwe mphepo imachepa, osati pa msana wa phiri. Ndipo osaufikitsa pamwamba penipeni ayi, uthere pomwe ungatule anthu pa sinowo wodalirika n'kulumikizana ndi zokoka za kumtunda. Gawo lomaliza lija la mphepo yoopsa lisiyireni Poma, ndi ntchito yake.

Kulumikizanako nde kofunika kuposa lifiti yeniyeniyo. Mukathira anthu 2,000 pa ola pa phazi la Poma imene imatenga munthu mmodzi masekondi 4 kapena 5 aliwonse, kutanthauza 900 pa ola zikayenda bwino kwambiri, mwangosamutsa mzere kuuchotsa poimika magalimoto pomwe pali chimbudzi ndi tiyi n'kukauika pakati pa phiri pozizira. Nde mwina mpandowo muuchepetse dala, mipando yotalikirana, kuti ufanane ndi zimene zili kutsogolo. Anthu amadabwa ukawauza kuti nthawi zina injiniya amasankha dala lifiti yonyamula ochepa.

Zolimbana ndi mphepo zenizeni zilipo, ku Val Thorens ku France anamanga funitel mu 1990, kabokosi kogwira zingwe ziwiri zotalikirana ngati munthu wotambasula manja, sikagwedezeka wamba. Koma mtengo wake amayi a ku Perth akhoza kukomoka.

Kabaza_wa_Tirol

Madala "ndinaisiya dala" kkkkk chabwino tavomera. Za Ciste sinditsutsa poti sindinafikeko. Koma mphindi 10 pa mpando wopanda chivindikiro mu mphepo ya ku Scotland yosakaniza ndi mvula ija, mwana wa achemwaliwa akwera kamodzi basi ulendo wachiwiri akakhala mu cafe. Pa Poma thupi limagwirako ntchito umamva kutentha, pa mpando wochedwa umangouma ngati usipa. Ngati mukuika wochedwa ukhale waufupi.

NaJere_Perth

Onjezerani kuti ku Ciste mukufunikanso zimbudzi, pogulitsira matikiti, pobwereketsa ma ski, magetsi, ndi antchito ena oti muziwalipira olo tsiku lopanda kasitomala, nkhani zimene okonda mapu saziwerengera. Khomo lachiwiri ndi nyumba yachiwiri. Ndikuvomerezabe, koma ndingayambe ndawerenga kuti pa zaka khumi zapitazi ndi masiku angati amene kumtunda kunali sinowo, kumunsi kulibe, mphepo ili yololera mpando. Masiku amenewo okha ndi amene lifitiyo ikugulitsa tikiti imene ikanatayika. Akapezeka ochepa, ndalamazo bola zipite ku mipanda ndi makina a sinowo m'njira za zokoka za kumunsi.

Achemwali, ngati mukufuna kulawa mipando osapita ku Austria bwerani ku Glenshee, pa msewu wa A93 pakati pa Braemar ndi Blairgowrie, ndi malo aakulu kuposa onse kuno ndipo lifiti zili mbali zonse ziwiri za msewu. Ku Lecht nako ndi kwabwino kwa ophunzira, zitsetse zake ndi zazifupi ndipo galimoto umaiona uli pamwamba. Ingoyang'anani za misewu m'mawa musananyamuke poti mageti a sinowo amatsekedwa.

Nachisale_Inverness

Lecht nde ili pafupi ndi ife, tiyesa Loweruka likubwerali ngati msewu wa Tomintoul uli wotsegula. A Magiya kafunso komaliza, nkhani ya achimwene a ku Joni ija yandiopsa, mwana wanga ndi wamfupi kwambiri kwa ine, pa T-bar tizipanga bwanji?

Mkulu_wa_Magiya

Chitsulocho chikhale pa msinkhu wa mwanayo, pansi pa matako ake, inu chikupezani kuseri kwa ntchafu mwina m'mawondo, mupirire ndinu wamkulu. Osachikhalira, mawondo opinda pang'ono, ma ski oloza kutsogolo, ndipo pofika pamwamba mwana atsike kaye inu mutsale ndi chitsulo n'kuchisiya mofatsa, osachiponya. Akagwa pakati panjira musamugwire, atuluke msanga m'njira ya obwera kumbuyo, inunso tsikani pomwepo mukakumane m'mbali.